Misomali Iwiri ya Ba Chrispin

Kulabotale, Tinenenji ankabaya mbewa za khansa mankhwala oonetsa chotupa, n'kumazijambula imodziimodzi mpaka tsiku kutha. Atatopa nazo, anapita ku Kalingalinga kwa kalipentala, a Chrispin, kukapangitsa kabedi kamatabwa kogonekapo mbewa zinayi nthawi imodzi. Anawauza kawiri konse kuti pasakhale chitsulo, poti makina ojambulirawo ndi chimaginito.

Lolemba, atangoyandikira makinawo, kabediko kanayamba kusololoka kokha m'manja mwake. Anakakumbatira zolimba, timbewa tili mtulo, nabwerera cham'mbuyo mpaka kunja kwa chitseko.

Anaimba foni pompo. "Ba Chrispin, muli misomali umu?"

"Iwiri chabe, mayi, yobisika bwino! Guluu yeka? Bantu banganiseke."