Mazira Mazana Atatu ndi Bodi Yatsopano

Ndinakhala ndikutsuka kapu imodzi kwa nthawi yaitali, ngakhale inali itayera kale. Sinki yathu ili pafupi ndi khomo la galaja, momwe achimwene amapangira makina oswetsera mazira, ndipo mawu awo ankamveka bwinobwino.

"Zaka zisanu ndi ziwiri mukuwotcherera mawaya, a Waya, lero mwaphika mazira mazana atatu a kasitomala? Tiwathire mchere?"

"Bwana, sensa yoyezera kutentha ndinalumikiza bwino," anatero a Waya, bambo wachikulire wolankhula ngati akupepesa. "Yesani ndi mita."

"Mita yanuyo ndi maso anu n'chimodzimodzi. Longedzani zanu."

Alamu analowa ndi mwana kumsana n'kundiyang'ana. "Iwe Duu, kapuyo uibowola. Yakulakwira chiyani?"

Dzina la Duu anandipatsa ndi achimwene, poti pakamwa panga sipatseguka wamba. Nditalemba mayeso a fomu folo ndinakhala pakhomo, n'kumaphunzira ndekha pa laputopu yawo yakale. M'menemo ndinalemba kapulogalamu kofufuzira zolakwika, kamene ndinakatcha Kasuzumira. Ukalumikiza bodi ya makina ku laputopu, Kasuzumira amaimitsa pulogalamu pamzere umene wafuna, n'kukuonetsa manambala amene purosesa, ubongo wa makinawo, yasunga panthawiyo. Achimwene anamukonda. Kwa makasitomala ankati ndi wawo.

Mwezi wathawu anagula mabodi ena okhala ndi purosesa yamtundu wina. Nambala imasungidwa m'zigawo ziwiri. Purosesa yakale imayamba ndi chigawo chaching'ono, yatsopanoyi imayamba ndi chachikulu. Kasuzumira ankangodziwa kawerengedwe kakale. Ndinawauza kuti andipatse masiku atatu ndimukonze.

"Purosesa ndi purosesa, iwe," anatero osatembenuka n'komwe. "Wayamba liti kuphunzitsa galu kuuwa?"

Atalumikiza Kasuzumira ku bodi yatsopanoyo, kutentha kwa madigiri 38 kunaoneka ngati 9728. Bodi inali bwino, pulogalamu inali bwino, wabodza anali Kasuzumira. Koma achimwene anakhulupirira zimene anaona pa sikirini, n'kuwonjezera mzere wogawa nambalayo ndi 256 kuti ioneke bwino. Pa sikirini panabweradi 38. Koma m'kati mwa makina, 38 weniweniyo atagawidwa, munatsala ziro. Makinawo ankaona ngati mazira akuzizidwa, ndipo hita yotenthetsera mazirawo sinazime.

Mzerewo ndinauona akuulemba. Ndinali nditaima kumbuyo kwawo ndi tsache m'manja, ndipo ndinapitiriza kusesa. Chimenecho n'chimene chinkandiwotcha pa sinkipo kuposa kukalipa kwawo.

M'galaja munamveka zipi ya chikwama. A Waya ankaika zida zawo, pulayasi, kachitsulo kowotcherera, magalasi awo omanga ndi ulusi. Ali ndi ana anayi, wamng'ono amadwaladwala.

"Usalowerere za amuna," ananong'ona alamu. "Achimwene akowo akapsa mtima amaluma ndi khoma lomwe."

Ndinapukuta manja pa siketi n'kulowa. Fungo la mazira opsa linali lisanachoke. Ndinatsegula laputopu pa benchi.

"Duu, tuluka. Tili pa nkhani ya ntchito."

Ndinapeza mzere wa 212, uja anawonjezera achimwene, n'kutembenuzira sikirini kwa iwo. A Waya anaima pakhomo, chikwama chili paphewa.

"Achimwene," ndinatero, "a Waya sanalakwe. Mawaya awo ali bwino, ndawayesa m'mawa uno musanadzuke. Mazira mwaphika ndinu, ndi mzere uwu. Kasuzumira sadziwa kuwerenga bodi yatsopanoyi, ndipo ndinakuuzani. Inenso ndili ndi mlandu, chifukwa ndinaona mukulemba n'kukhala chete poopa kukalipiridwa. Koma munthu wamkulu ngati uyu simungamutukwane pamaso pa ife ana chifukwa choti inuyo simufuna kumva za mlongo wanu. Makina enanso awiri munatumiza dzana ali ndi mzere womwewu, ndipo muli mazira a anthu. Imbani foni tsopano azimitse. Mukawachotsa a Waya, Kasuzumira mudzikonzere nokha, ine sindimukhudzanso."