Mphindi Khumi ndi Imodzi za Hidaya

Hidaya anatsika minibasi atangodutsa pa Nkopola, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, ndipo choyamba kuona sichinali nyanja koma mpanda. Unali wa waya, watsopano, wochokera kumsewu wafumbi mpaka kukalowa m'madzi. Kuseri kwake, pamene kale panali mathandala oyanikapo usipa, panali mchenga wosesedwa bwino ndi mulu wa njerwa. Thandala la mayi ake linali lachitatu kuchokera pamkuyu. Mkuyuwo unalipobe. Anausiya, mwina poti alendo amakonda mthunzi.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Hidaya sanakhalepo m'dziko limodzi kupitirira miyezi itatu. Ntchito yake inali yomasulira zikalata, kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa ndi m'Chiyao, nthawi zina m'Chiswahili. Analibe ofesi, analibenso bwana mmodzi. Anali ndi laputopu, chikwama cha matayala, ndi kabotolo kakale ka mankhwala momwe ankasungamo masimukhadi anayi. Masiku a m'pasipoti akamuthera ku Dar es Salaam ankakwera basi ya ku Nampula, kuchoka uko Maputo, kenako Joni, kenako n'kuyambiranso. Kwawo ankangoti "ali kunja", ngati kunjako ndi mudzi umodzi.

Ntchito zinkabwera pa imelo, kuchokera kwa anthu omwe sanawaonepo nkhope. Zinkabwera zodulidwadulidwa ngati nyama ya pasadaka, mayina atafufutidwa. Pamalo pa dzina la mudzi ankalembapo "Malo A", pamalo pa dzina la kampani "Wogula". Iye sankadandaula nazo. Kwa anzake ankakonda kunena kuti womasulira ali ngati wopalasa bwato loolotsa anthu: safunsa wokwera kuti kutsidyako akukatani.

Ntchito ya Malo A inamupeza ku Maputo mu Febuluwale. Anali masamba awiri okha. Wogula adzamanga malo ogona alendo. Anthu a pa Malo A avomere kuchotsa zinthu zawo pagombe, ndipo adzapepesedwa. Adzaloledwa kudutsa popita kunyanja "pa nthawi ndi panjira zimene Wogula adzaone kuti n'zoyenera". Chiganizo chimenechi Hidaya anachiona. Anachiyang'ana kanthawi, monga munthu amayang'anira galu wogona panjira, kenako anachilumpha mwaulemu: anachimasulira ndendende, osawonjezera, osachotsera. Gombe la nyanja n'lalitali, anadziuza, ndipo Chiyao chimalankhulidwa m'mayiko atatu.

Patapita masiku awiri anamulemberanso. Anthu ambiri kumeneko sawerenga, kodi angajambule mawu? Awerenge mwachifatse, ngati akulankhula ndi wachibale. Chipinda chimene ankachita lendi chinali pafupi ndi msewu waphokoso, choncho analowa m'wodilopu, pakati pa madiresi ndi majekete, n'kudzitsekera. Kuti mawu atuluke ofewa anaganizira mayi ake. Nthawi zonse pojambula ankatero. Zinatenga mphindi khumi ndi imodzi, kuyamba Chiyao, kumaliza Chichewa.

Zotsatira zake anazimva mochedwa, kwa msuweni wake pafoni. Anthu a kampani anabwera ndi chimkuzamawu n'kusonkhanitsa mudzi pansi pa mkuyu. Asodzi anali atapangana kale kuti palibe wodinda chala papepala lililonse. Ndiye mawu aja anayamba. Malonje asanathe n'komwe, a Mwanabibi, mayi ake, anaimirira n'kunena kuti, "Ameneyo ndi Hidaya wanga." Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Ngati mwana wathu wophunzira uja ali momwemo, anatero, ndiye kuti nkhaniyi waipenda. A Mwanabibi ndiwo anayamba kudinda. Enawo anatsatira.

Tsopano mudzi unali utadandaula, ndipo mlandu unali woti ukambidwe mawa lake. Doko la asodzi likanabwerera kapena likanapitiratu. N'chimene Hidaya anabwerera.

Anawapeza mayi ake kuseri kwa nyumba, atayanika usipa pamasaka, pansi. Fumbi linkaugwera, nkhuku zinkauzungulira. Usipawo anali atakaugula kudoko lina, mtunda wa ola lathunthu, beseni lili pamutu.

"Amawo," anatero Hidaya, atagwada.

"Wabwera." A Mwanabibi anamugwira patsaya ndi dzanja la mamba. "Wawonda. Kunjako sadya?"

"Amadya, amawo."

"Ndiye kagwire ndodo iyo uzindithamangitsira nkhuku."

Za mpanda palibe amene anatchula. Anakhala choncho mpaka madzulo, wina akutembenuza nsomba, wina akuopseza nkhuku ndi dzanja lozolowera kiyibodi.

A Zubair, mlongo wa mayi ake, anafika atachoka kumzikiti. Ndiwo ankatsogolera asodzi pa dandaulo lija. Anakhala pampando, navula kofiya, n'kumuyang'ana mphwawoyo ngati katundu wobwera molakwika.

"Afika a ku Ulaya."

"Si ku Ulaya, amjomba. Ndinali ku Maputo."

"Konse kumene kulibe mpanda ndi ku Ulaya."

"Sindinadziwe kuti ndi kuno. Mayina amafufuta. Ndikanadziwa..."

"Ukanadziwa ukanakana. Chabwino. Ndiye ukanakhala mudzi wa anthu ena, mawu ako aja akanakoma?"

Hidaya anayang'ana pansi. 

"Mawa ndiloleni ndikumasulireni," anatero pambuyo pake. "Chikalatacho ndikuchidziwa liwu ndi liwu. Loya wawo sangandizungulire."

"Tapeza kale munthu. A Harold, aphunzitsi a kupulayimale."

"A Harold? Chingerezi chawo, amjomba..."

"N'chopunduka, tikudziwa. Koma akamalankhula timawaona kumaso." A Zubair anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achemwali, mwamva bwino zimene tagwirizana. Akakufunsani, yankho ndi limodzi: sitinamve zimene ankanena. Chimkuzamawu chinkalira, ife sitinatolepo kanthu. Palibe khomo lina lotulukira."

A Mwanabibi anapitiriza kuwola usipa.

Mlandu unakambidwira m'kalasi, ana atawatulutsa. Kutsogolo kunakhala mkulu womva madandaulo a malo, wotumidwa kuchokera kuboma, akudzipepeza ndi fayilo. Kumanja kwake kunali loya wa kampani, mnyamata wa tayi wochokera ku Blantyre, amene Chichewa ankachidziwa bwino lomwe koma anasankha kuchisiya m'galimoto. Amuna anakhala pamadesiki, mawondo atakwera m'mwamba, akazi pansi chakumbuyo. Hidaya anakhala ndi akaziwo, atafunda mpango wa mayi ake. Kumanzere ndi kumanja kwake kunatsala malo okwanira munthu mmodzimmodzi.

A Harold anayesetsa. Ankatuluka thukuta, ankabwereza, ziganizo zazitali ankazidula pakati n'kutaya theka. Hidaya ankamva chilichonse chimene chinkagwera pansi, ndipo milomo yake inkayenda yokha, kukonza mwakachetechete. Palibe amene anamuyang'ana.

A Zubair analankhula bwino. Anati anthu anadinda zala mumdima, osadziwa kuti akudzitsekera nyanja. Anati munthu sangagulitse chimene sanamve kuti akugulitsa. M'kalasimo munamveka kung'ung'udza kovomereza.

Loya uja anamwetulira, naika foni pathebulo, n'kuikhudza ndi chala chimodzi.

Mawu a Hidaya anadzaza chipinda. Anali ofewa, odekha, aulemu, Chiyao chake cha pagombe pomwepo, chopanda chilema. M'kati mwake simunkamveka msewu wa Maputo, kapena madiresi omwe ankamukhudza kumaso. Munkangomveka mwana wa pamudzi akulankhula ndi makolo ake. Pofika pa chiganizo chija, loya anakweza mawu a foniyo, ndipo liwu lililonse linatuluka loyera ngati mbale yotsuka: pa nthawi ndi panjira zimene Wogula adzaone kuti n'zoyenera.

Anawasiya amve mpaka kumapeto, mphindi zonse khumi ndi imodzi. Kenako anatenga pepala la zidindo n'kuwerenga dzina loyamba. Ulendo uno analankhula Chichewa.

"Mayi Mwanabibi. Pa zimene mwamvazi, pali liwu limene tsiku lija simunalimve?"

A Mwanabibi anaimirira pang'onopang'ono, akukonza chitenje. A Zubair anatsokomola. Kalasi yonse inawayang'ana mayiwo, ndipo iwo anayang'ana foni ili pathebulo paja.

"Ndinamva zonse," anatero. "Mwana wanga salankhula zosamveka."

Wina chakutsogolo anatsonya. A Zubair anatseka maso.

Hidaya anangozindikira kuti waimirira. "Mawuwo ndi anga," anatero. "Ndinawajambula ndili kutali, sindinauzidwe kuti ndi a mudzi uno. Anthuwa sanadinde chifukwa cha chikalata, anadinda chifukwa cha ine. Ankayesa kuti ndaiona nkhaniyi."

Mkulu uja anasiya kudzipepeza. Loya anaoneka wokondwa, ngati wapeza mboni imene sanaiitane.

"Zikomo, chemwali. Funso langa ndi limodzi. Pomasulira, munalakwitsa penapake? Pali chimene chili m'chikalata chimene inu munachisiya, kapena kuchipotoza?"

Khomo lija a Zubair ankanena linali litatsegukanso, kang'onong'ono. Akanangoti inde. Anthu onse anachidziwa chimenecho, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni, maso onse anali pa iye. Masiku atatu ali m'basi anawawerenga masamba awiriwo kosawerengeka, kufunafuna cholakwika ngati munthu wofuna nsabwe m'mutu wometa. Munalibe. Inali imodzi mwa ntchito zake zabwino kwambiri. Mapepala onse awiri, la Chingerezi ndi lomasulira, anali pathebulo pomwepo, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga akanatha kuwayerekeza. Anaganiziranso dzina lake, lomwe linali munda wake wokhawo, ndi mmene imelo imodzi ingalifafanizire m'mayiko anayi dzuwa lisanalowe.

"Palibe cholakwika," anatero.

Ngakhale pambuyo pake sanathe kudziwa ngati chinamuyankhulitsa n'chilungamo kapena mantha. Ziwirizi zinatuluka ndi mawu amodzi.

Mkulu uja analemba kwa kanthawi. Anati anthu anauzidwa m'chilankhulo chawo, momveka, ndipo anavomera okha. Anati adzapempha kampani kuti iganizire zotsegula kachipata m'mawa. A Harold anamasulira zimenezo molondola, poti zinali zazifupi.

Potuluka palibe amene anamutukwana. Akazi anamupatukira ngati chithaphwi. A Zubair anamudutsa, kenako anabwerera masitepe awiri.

"Sukulu sinapite pachabe," anatero. "Mayi ndi mwana, nonse mumanena zoona."

Masana amenewo a Mwanabibi anayanikanso usipa pamasaka. Hidaya anakhala pakhonde, ndodo ya nkhuku ili m'manja. Patapita nthawi anamva mawu ake akuchokera m'chitenje cha mayi ake. A Mwanabibi anali ndi kafoni kakang'ono kamabatani, komanga ndi mphira, ndipo anali atakatsegula.

"Amawo, zimenezo mwazitenga kuti?"

"Ndinapempha kwa mtsikana wa kampani tsiku lomwe lija. Anandiikira."

"Zimitsani, chonde. Fufutani."

"Ndifufute chifukwa chiyani?" Anatembenuza nsomba ndi chikhatho, osamuyang'ana. "Ukaimba foni umati muli bwanji amawo, ine ndili bwino, netiweki ikuvuta, ndiimbanso. Ndikamati ndikuuze za mwendo wangawu, wapita kale. Umu umalankhula osathamangira. Chichokereni sunandilankhulepo motalika chonchi."

Nkhuku ina inatola kausipa n'kuthawa nako. Hidaya sanaiopseze.

"Tsiku lija munamvadi zimene ndinkanena? Za njira, za nthawi?"

"Ndinamva kuti ndiwe."

Kutsidya kwa mpanda kunkamveka anthu akutsitsa njerwa m'lole. Mphepo inabweretsa fungo la nyanja, yomwe inali pomwepa, masitepe mazana awiri, koma tsopano ulendo wa ola lathunthu.

"Ubwerera liti?" anafunsa a Mwanabibi.

"Ndimaganiza zokhalako pang'ono. Ntchito yanga ndingathe kugwirira paliponse."

"Ndaona kuti ungathe." Anasasa mamba m'manja. "Upite Lachinayi. Lachisanu anthu amakumana kumzikiti, ndipo ndatopa n'kuyankha."

Mawu a m'foni anafika kumapeto, nathokoza onse chifukwa chomvetsera. A Mwanabibi anapukuta chala pachitenje, chala chomwe chija, n'kudinanso batani. Hidaya anadzimva akupereka malonje, mwaulemu, mosathamanga, kwa anthu a pa Malo A.