Masiku Anayi M'maginito

Miyezi isanu ndi itatu ndinakhala ndikupanga kanthu kochepa ngati chikhadabo: timagalasi topyapyala tosanjikizana, pakati pake pali mafuta ofanana ndi khungu la bakiteriya. M'mafutamo ndinaikamo kapuloteni kochokera pakhungu la chule, kamene kamapha tizilombo tosamva mankhwala. Funso langa linali limodzi: kodi kamagona pamwamba pa khungulo kapena kamalibowola? Digiri yanga yonse inkadikira yankho limenelo.

Makina a NMR, chimaginito chachikulu ngati thanki ya madzi, ndiwo akanandiuza. Koma amafuna masiku anayi osasokonezedwa, ndipo timagalasito sitifuna kuuma. Tsono inali nyengo ya hamatani, mphepo youma ija yong'amba milomo.

Tsiku lachitatu masana, timagalasi tili m'makinamo, ndinatuluka kukadya waakye, mpunga wophika pamodzi ndi nyemba. Pobwerera ndinapeza chipinda chadzaza alendo ovala masuti, a Pulofesa Ametepe, mkulu wa dipatimenti, akuwalozera mizere yokongola ya zotsatira za makinawo pakompyuta. Sinali mizere yanga. Inali ya shuga, imene amaonetsa mlendo aliyense chifukwa imatuluka pa mphindi ziwiri.

Bambo Quarshie, oyang'anira makina, anandinong'oneza kuti anayesa kukana kutulutsa zanga m'makina, koma paja wamkulu salakwa. Timagalasi tanga tinali pafupi ndi windo, chivindikiro chake chili pambali, ati mlendo wina anafuna kuona m'kati. Mafuta aja anali atauma, kuyera mbuu. Ndinapsa mtima. A Pulofesa amenewa zaka khumi sanagwirepo botolo la mu labu, koma pachithunzi sasowa.

"Uyu ndi Sedinam, mwana wathu wanzeru," anatero a Pulofesa. "Tabwera nazo kuno, mwana wanga, alendo aone za achule ako zija."

"Zafa, a Pulofesa."

"Upanganso zina. Ukadali mwana iwe, ukuthamangira kuti?"

Alendo anaseka. Kwathu ku Ho amayi anandilera ndi lamulo limodzi: wamkulu sumupatsa kanthu ndi dzanja lamanzere, ngakhale atakuponda chala. Sindinaliphwanyepo chibadwire. Ndinatola timagalasito, n'kuyenda pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Nditafika pamaso pawo, dzanja lamanja ndinalibisa kumbuyo, n'kutambasula lamanzere.

Kuseka kunathera pomwepo. A Pulofesa anangoyang'ana dzanjalo, osalandira. Ine sindinalibweze.