Anyezi wa asisita Barbara

Ine ndinabadwira kuno ku Tembwe ndipo ndakalambira konkuno, koma ndinali ndisanaonepo munthu akusankha anyezi wosadyedwa. Anandionetsa zimenezo ndi asisita Barbara, namwino wa pa chipatala chathu chaching'ono, ndipo kuyambira tsiku lomwelo mtima wanga sunakhale m'malo.

Munali mu Novembala, mvula yoyamba ija yaukali, yobwera ndi chimphepo chosasula madenga. Ndinaperekeza mwana wanga Monalisa ku sikelo, mimba yake itafika potopa. Pobwerera mvula inatitsekereza, ndiye tinathawira pakhonde la nyumba ya asisita, kuseri kwa chipatala. Tinawapeza ali pamphasa, atakhuthula thumba la tinthu tonga anyezi, tadothi lokhalokha. Ankatola kamodzi, kukafinya, kukanunkhiza. Kofewa ankaponya m'chidebe, kolimba ankaika pambali. Tina ankatimanga ulusi wofiira, tina woyera. Kunja mphezi zili ng'aning'ani, iwo osatekeseka n'komwe.

Ndinafunsa ngati zinali ndiwo. Anaseka, nati ndi maluwa, anabwera nawo kuchokera ku Kabwe, amadzalidwa mvula ikangoyamba, koma ndisamale chifukwa mbuzi ikadya imafa. Ati maluwa! Duwa lanji lopanda tsamba, lopha mbuzi, lomangidwa ulusi ngati chithumwa cha khanda? Ine si mwana wadzulo. Chimene chinandinyansa kwambiri n'chakuti Monalisa anadzigwetsa pamphasapo ndi chimimba chakecho n'kuyamba kuwathandiza kusankha, ngati munthu wozolowera.

Musandione ngati wamiseche, chifukwa chinalipo. Chaka chatha, nyengo ngati yomweyi, Monalisa anabereka mwana wakufa kale, m'manja mwa asisita omwewa. Mwana wotero kwathu ndi mtayo, ndipo mtayo salira. Tinamunyamula ife amayi akuluakulu n'kukamuika m'mphepete mwa manda, pansi pa mitengo ya tsanya, dzenje losazama, popanda nyimbo, popanda mtanda. Mayi wake saloledwa kupita kapena kudziwa malowo. Asisita anatiperekeza tsiku limenelo, ine n'kumati ndi ulemu chabe. Titabwerako ndinauza Monalisa kuti aiwale, ndipo sanatchulenso.

Manje tamvani. Patangopita masiku ochepa chichokereni pakhonde paja, Deborah, mnzanga wa kumpingo, anandikokera pambali ku chigayo. Anati waona asisita akulowa kumanda okhaokha mvula itangokata, kakhasu m'manja, thumba kukhwapa. Kuno munthu salowa kumanda yekha, osapempha, osaperekezedwa. Wolowa yekha timamudziwa dzina lake. Ndiye ndinayamba kulumikiza: mwana anafera m'manja mwawo, malo anakawaona, manje akukwirirako zinthu zaulusi, ndipo mwana wanga ali pafupi kugonanso pabedi lawo lomwelo.

Ndinaitana mkamwini wanga Robson n'kumuuza kuti akonze ngolo, timutenge Monalisa akachirire kwa mng'ono wanga ku boma la Chama. Robson anakanda mutu. Anati ulendowo ndi wautali, msewu waterera, mitsinje yayamba kudzaza, ndipo munthu wotopa chonchi akhoza kuchirira panjira. Monalisa anangoti sapita, akachirira kwa asisita Barbara basi. Ndinamukalipira mpaka mawu anandithera. Ndinati mwana mmodzi tinataya kale, wachiwiri sinditaya ndikuona. Ndinalamula kuti mawa masana ng'ombe zikhale zili m'goli.

M'mawa mwake kunagwanso chimvula, mitengo ya papaya n'kuthyoka. Itakata, ndinati ndikadzionere ndekha, kuti pokangana ndi mwana wanga ndikhale ndi mawu. Ndinabisala pa chulu cha m'njira ya kumanda, matope mpaka mu akakolo, nkhalamba yonse ine. Posakhalitsa ndinawaona akubwera, jombo kumapazi, kakhasu ndi thumba lija. Sanayang'ane n'kumbuyo komwe. Analunjika ku mitengo ya tsanya, nagwada, nayamba kukumba.

Mantha anatha, unatsala ukali. Ndinatulukira.

"Asisita, mukukwirira chiyani pa ana a eni?"

Anadzidzimuka, koma sanathawe ndipo sanabise thumba. Anapukuta manja pachitenje.

"Amake Monalisa, mdzukulu wanu munamuika pati? Ndilozereni."

Ndinatembenuka kuti ndiloze. Kalanga ine. Mvula ya chaka chonse inali itasalaza timitumbira tonse, udzu watsopano utamera paliponse, mitengo yonse yofanana. Ndinaloza apa, ndinaloza apo, dzanja n'kugwa lokha. Ine amene ndinamunyamula ndi manja angawa, sindinadziwe pamene anagona.

Asisita anandigwira pamkono n'kunditembenuzira kumanzere. Pakati pa udzu panali duwa limodzi lofiira, lozungulira ngati chibakera, lili pa kamtengo kake popanda tsamba ngakhale limodzi, madontho a mvula akadali pamenepo.

"Wanu ndi uyo," anatero.

Anandifotokozera tili chiimire. Anati chaka chatha, patapita sabata, Monalisa anapita kwa iwo. Sanapemphe kuti amulondolere kumanda, mwambo ankaudziwa. Anangoti akufuna pakhale kanthu kosonyeza kuti panagona munthu. Asisita anamukhuthulira thumba lija, ndipo iye anasankha yekha, anafinya onse mpaka anapeza wolimba kuposa anzake. Anyezi ameneyu amagona m'nthaka chilimwe chonse ngati wafa, moto wa tchire ungadutse, koma mvula yoyamba ikagwa amatulutsa duwa. Ulusi unali wongosiyanitsa ofiira ndi oyera, poti asanaphuke amafanana, ndipo mayi aliyense amasankha mtundu wake. Amene ankadzala tsiku limenelo anali a amayi ena amene anapempha chimodzimodzi. Maina awo sananditchulire, nanenso sindinafunse.

Anati ulendo uliwonse wa ku sikelo Monalisa amafunsa ngati latuluka. Iwo analiona m'mawa womwewo, anali asanamuuze.

Manyazi anandigwira, ndipo ine manyazi akandigwira ndimakalipa. Ndinawauza kuti kaya ku Kabwe amalowa kumanda ngati mumsika, kuno ayi, adzawotcheredwa nyumba tsiku lina chifukwa cha maluwa. Anati akudziwa, koma akanapempha akanakanizidwa. Pamenepo sindinatsutse, poti woyamba kukana ndikanakhala ine. Ndinawalanda kakhasu kaja. Ndinati munthu wophunzira sadziwa kukumba, ndipo kuyambira lero akafuna kubwera kuno azidzera kwanga, anthu aziona kuti ali ndi mayi wamkulu. Tinadzala otsalawo, iwo akuloza malo, ine ndikukumba, nsonga kuyang'ana kumwamba monga anandiuzira.

Nditafika kunyumba ndinapeza ng'ombe zili m'goli, Robson atayala matiresi m'ngolo. Ndinamuuza amasule, ulendo kulibe. Anandiyang'ana ngati afunse, koma amandidziwa, anangomasula.

Monalisa anali m'nyumba, atatsamira khoma, nkhope ili kumbali kuti asandione. Ndinakhala pafupi naye, matope ali m'miyendo.

"Latuluka," ndinatero. "Lofiira."

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndi lalikulu, amama?"

Ndinakunga chibakera n'kumuonetsa. Anachigwira ndi manja ake onse awiri, n'kuyamba kulira, kulira kuja kumene ndinamuletsa chaka chatha. Mtayo salira, ndikudziwa, ndine ndinamuphunzitsa. Ndinadzuka n'kutseka chitseko kuti anthu asamve, ndipo tinalira tonse awiri.