Mpira Anaudula pa Kartazi

Ndinali ndisanauzepo munthu kuti malo okhawo amene sindichita manyazi ndi pagolo. M'kalasi pulofesolo akandiloza, mawu amandithawa. Koma ndikaima pakati pa mitengo iwiri ija pakampu, bwalo la mpira la sukulu yathu ku Fíngoè, ndimakalipira ngakhale anyamata.

N'chifukwa chake ndinavomera pamene msuweni wanga Leonel anati akujambula filimu ndi telefoni yake. Inali nkhani yoseketsa ya mnyamata amene amangophonya zigoli chifukwa wakonda mtsikana wapagolo. Mnyamatayo anali Arsénio wa m'kalasi mwathu. Mtsikanayo ndinali ine. Zolankhula zanga zinali zochepa. Ntchito yanga inali kugwira mpira.

Loweruka lina mayi anandituma mchere kumsika. Ndisanafike ndinamva mota, njinga yamoto ya Leonel, ikuzungulira, sipika itamangidwa kumbuyo ndi mphira, Leonel akulengeza kuti aliyense abwere Lamlungu masana kwa a Zacarias, kumene amaonetsa mafilimu, adzaone mmene Stélia, ineyo, anagwera m'chikondi.

Pakhoma la a Zacarias panali kartazi yaikulu, chipepala cholengeza filimuyo. Chithunzicho ndinachidziwa. Tsiku limene tinkajambula ndinagwira penaliti, ndinali pansi m'fumbi mpira uli m'khwapa, Arsénio akundidzutsa. Koma pakartazi mpira panalibe. Anadula mbali yonseyo. Panatsala ine ndikumwetulira, Arsénio atandigwira dzanja, ndi mtima wofiira pamwamba pathu.

"Mkwatibwi uja ndi uyu," anatero mayi wina wogulitsa tomato. "Mwana wa a Valentim, wosayang'ana anthu kumaso uja. Nanga mpunga tidya liti?"

Anzawo anaseka. Mchere sindinagule.

Leonel ndinamupeza akuthira mafuta m'mota.

"Mano, mchimwene wanga, mpira uja uli kuti?"

"Mpira anthu amauonera ulele pakampu. Ndani angabwere kudzaona iwe ukugubuduka m'fumbi? Taona, mpaka okumba golide akufunsa kuti filimu iyamba nthawi yanji."

"Bambo akaona."

"Tio Valentim safika kumsika. Komanso kartaziyo ndaitumiza kale pa telefoni ku Malowera ndi ku Chipera, ndingaibweze bwanji? Watchuka, mana, mchemwali wanga. Seka pang'ono."

Bambo sanafike kumsika, zoona. Kartazi ndiyo inawapeza kutchalitchi, pa telefoni ya mkulu wampingo mnzawo. Sabata yonseyo Arsénio anyamata ankamuimbira mluzu ngati wagoletsadi. Ine amayi akwaya anandiuza kuti ndiyambe ndapuma kuimba.

Kenako azakhali a Lúcia, mayi ake a Leonel, anafika pa njinga kuchokera ku Chipera. Kumeneko anthu anali kuwafunsa kuti chinkhoswe chinachitika liti. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, Leonel atazolika.

"Tio, muonere kaye filimu yonse," anatero, akupereka telefoni ndi manja awiri. "Mulibe choipa."

Bambo anaonera. Pamene Arsénio anamenya mpira n'kugwetsa dengu la mayi wina, anatsala pang'ono kuseka. Pamene ndinadumpha kugwira penaliti ija, anabweza mmbuyo ndi chala, n'kuoneranso.

"Amagwiradi," anatero, osandiyang'ana. Anabweza telefoni. "Ine ndaona kuti ndi sewero. Koma ndiyenda nayo telefoniyi khomo ndi khomo? Anthu aona chithunzi. Filimu sadzaimaliza onse."

"Achimwene, walakwa ndi mwana wanga," anatero azakhali. "Mtsikanayu ndipatseni ndikamusunge kwathu mpaka pakamwa pa anthu patatopa. Akandithandiza mbuzi. Sukulu adzapitiriza."

"Liti?" anafunsa mayi.

Leonel anati akamatula kartazi, azakhali n'kumuuza kuti akamatulenso m'maso mwa anthu. Ine ndinkangoyang'ana nyerere zikukwera phazi langa. Mwezi wotsatira timu yathu ya atsikana inali ndi masewero ndi sukulu ina, ndipo wapagolo wina kunalibe.

M'mawa mwake bambo anali kumanga chikwama changa pakaliyala ya njinga ya azakhali. Ankakoka mphira, n'kumasula, n'kukokanso, ngakhale chinali chitalimba kale. Ndinaima pambali pawo nthawi yaitali.

"Bambo."

"Mwanangu."

"Ine za Arsénio sindikuzidziwa. Koma pagolo paja... ndi pokhapo pamene sindichita manyazi."

Manja awo anaima pa mphira. Anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinagwetse nkhope.

"Ndamva," anatero motsitsa mawu. Kenako anamanga mfundo yomaliza, n'kugwira njinga kuti ndikwere.