Makatoni Onyowa a Clive

Ndagwira ntchito pa sikelo ya magalimoto zaka khumi ndi ziwiri, moti lole ikangoponda chitsulo ndimadziwa kulemera kwake ndisanayang'ane manambala. Sikeloyo ndi ya khonsolo yaikulu, yomwe imalipira pokwirira zinyalala kumtaya. Kukwirirako n'kodula, ndiye akuluakulu anapangana ndi makhonsolo ang'onoang'ono otola zinyalala m'matauni kuti pa tani iliyonse ya makatoni yopita kukakonzedwanso, osati kumtaya, aziwapatsa mapaundi makumi asanu. Papepala zinkaoneka zanzeru ndithu. Koma anzeruwo sanakwerepo lole ya zinyalala.

Mchimwene wanga Clive Ollerton ankayendetsa lole ya khonsolo ya tauni yathu. Mu Januwale bwana wawo anauza ogwira ntchito kuti akapanda kukwanitsa matani amene anawaikira pofika pa 31 Malichi, lole imodzi ichotsedwa pamodzi ndi anthu ake atatu. Aliyense ankadziwa kuti ndi ya Clive, poti ndiyo inali yakale kwambiri. Munthu wa zaka 58, bondo limodzi lotupa, akanamulemba ntchito ndani?

Lamlungu lomaliza la Malichi anabwera kwathu kudzadya nyama yootcha.

"Hazel, tatsala ndi matani angati?" anandifunsa.

"Ukudziwa kuti manambala a khonsolo saulula."

"Ndine mchimwene wako, iwe, si mtolankhani."

"Andichotsa ntchito. Tadya mbatatazo zisanazizire."

"Kumowa akuti tatsala ndi khumi."

"Kumowa amanena zambiri," ndinatero, n'kudzuka kukatenga msuzi. Ndinkadziona wolungama tsiku limenelo, ndipo ndikakumbukira ndimadzida.

Pa 31, cha m'ma 3 koloko masana, malole ena onse atapima kale, ya Clive inalowa. Lole imeneyo ikadzaza makatoni ouma imanyamula matani asanu ndi imodzi, sinapitirirepo. Sikelo inalemba khumi ndi imodzi. Madzi ankadontha kumbuyo kwake ngati denga lothonya. Mwatsoka, a Moorcroft, oyendera ntchito a khonsolo yaikulu, anali chilili pambali panga ndi kapu ya tiyi.

Anatuluka, ine pambuyo. Anapisa dzanja m'makatonimo, n'kufinya. Madzi anayenderera mpaka m'chigongono.

"Bambo Ollerton, chachitika n'chiyani?"

"Mvula, bwana," anatero Clive osayang'ana munthu.

Kwathu kuno bodza la mvula silikanika. Basi ikachedwa ndi mvula, ukwati ukatha ndi mvula. Koma Malichi ameneyo kunali kouma gwa, ngakhale kapinga wa kubwalo la mpira anali atayamba kufiira.

"Mvula sinagwe masabata atatu," anatero a Moorcroft. "Kapena imagwera lole yanu yokha?"

Nsapato za Clive zinali zonyowa, ndipo paipi yotsukira magalimoto inali itasiya dothi pa malaya ake.

Fakitale silandira makatoni onyowa, amaola asanafike pamakina. Lamulo lake ndi limodzi: katundu yense amapita kumtaya ndipo sawerengedwa ngakhale kilo. A Moorcroft anandiuza kuti ndilembe chomwecho, ndipo ndinalemba. Ndinampatsa Clive chikalatacho pawindo. Anachipinda bwinobwino, n'kuyendetsa yekha lole yake kukataya makatoni amene anatola sabata yathunthu khomo ndi khomo.

Mu Epulo loleyo inachotsedwa. Clive anachotsedwa ntchito, Declan ndi Stuart omwe ankakwera naye anachotsedwanso, Stuart mkazi wake ali woyembekezera. Masiku ano Clive amakhala pawindo kuonerera lole ya ena ikudutsa Lachinayi. Sanandikwiyire, ndipo chimenecho ndiye chimandipweteka. Amati ndinangogwira ntchito yanga.

Sindinamuuzebe kuti tsikulo, malole enawo atapima, lole yake isanafike, manambala anali pamaso panga. Khonsolo yathu inali itatsala ndi matani anayi okha, ndipo makatoni ake ouma akanakwana.