Madzi Owawa a M'khwawa

Achule anasiya kulira m'khwawa la kuseri kwa fakitale ya mankhwala, koma palibe anawakhuza maliro. Madzi ake anayamba kuwawa, ndipo mbiri inawanda yoti ndi ochiritsa. Wamutu, wam'mimba, wanyamakazi, onse ankatsetserekera komweko ndi zigubu.

Make mapasa sankatungako. Ankadziwa gwero la kuwawako, poti mwamuna wake ndiye ankayendetsa thanki yokataya madzi otsukira makina a fakitaleyo. Malo oyenera kutayako anali kutali, ndiye bwana anamulozera khwawa.

Tsiku lina pochokera kumsika, make mapasa anapeza apongozi ake akumwetsa mapasawo madzi achikasu ndi supuni.

"Amayi, mukuwapatsa chiyani anawa?"

"Mankhwala aulere, mwananga. Chifuwa chawochi jakisoni wachilephera. Enanu mumangokonda kufola kuchipatala."

Jakisoni anali atalepheradi. Namwino ananena kuti masiku ano tizilombo tazolowera mankhwala, sitiwaopanso.

Mwamuna atabwera kudzadya masana, make mapasa anatsanula madzi a m'chigubu cha apongozi m'kapu, n'kumuikira patsogolo.

"Imwani, bambo a mapasa."

"Ndilibe ludzu."

"Si a ludzu awa, ndi ochiritsa. Msana mumabuula nawo uja utheratu lero."

Bamboyo anasuzumira m'kapu. Pamwamba pankayandama timafuta, ndipo fungo lake linali lomwe lija la ovololo yake.

"Mkazi iwe," anatero chapansipansi, "ukufuna ntchito indithere? Anawa adya chiyani?"

"Wakufa sadya. Imwani."

"Imwa iwe, ukuopanji?" analowererapo mayi a bamboyo. "Mankhwala ndi mankhwala."

"Ophera makoswe nawonso timati mankhwala, amayi," anayankha make mapasa, maso ali pa mwamuna wake.

Mmodzi wa ana anatsokomola kuchipinda, chifuwa chouma, chosalekeza. Bamboyo anakankhira kapu kutali.

"Amayi, musawapatsenso. Ndi nyansi za kuntchito kwathu. Amazikhuthula m'khwawamo ndine."

Mayiwo anayang'ana supuni inali m'manja mwawo ngati ya wina. Belu la kufakitale linalira kuitana antchito, koma bamboyo sanadzuke pampando.

Kenako mayiwo ananyamula chigubu n'kuima pakhomo. Kumanzere kunali dimba la ndiwo, kumanja ngalande yopita kuchitsime.

"Nanga ndiwataye kuti?" anafunsa.